Tsiku Limene Ndinatchula Malipiro Anga

M'chipinda chathu ku Doha munali malamulo amene sanalembedwe pakhoma, koma aliyense ankawadziwa. Usavale patapata wa mnzako popita kubafa. Usalankhule pafoni mokweza mnzako wa shifiti ya usiku akugona. Lalikulu kuposa onse linali lakuti malipiro ako usawatchule kumudzi, ngakhale kwa mkazi wako amene.

Lamulo lomalizali anandiphunzitsa ndi a Gondwe, bambo a ku Rumphi amene ankayendetsa basi ya kampani yathu. Iwo anafika ku Qatar ine ndisanalote n'komwe zokhala ndi pasipoti, ndipo monga mkulu wa chipinda, bedi lawo linali lapansi, pafupi ndi makina oziziritsa mpweya. Tsiku limene ndinalandira malipiro anga oyamba anandipeza ndikusekerera foni ndekhandekha.

"Mphwanga, ukulembera ndani mano ali pamtunda chonchi?" anandifunsa.

"Akazi anga. Ndiwauze kuti zalowa."

"Kuti zalowa uwauze. Koma kuti zalowa zingati, khalas, basi, tseka pakamwa. Ukatchula yochepa akuseka, ukatchula yambiri akudya. Mawa apongozi adwala, mkuja mlamu akufuna njinga yamoto. Salary ya mwamuna ndi ya mwamuna."

Ndinafufuta nambala imene ndinali nditalemba kale, n'kungotumiza mawu akuti Mulungu wakumbuka. Kuyambira tsiku limenelo lamulolo ndinalisunga zaka zambiri, mwina kuposa a Gondwe eniakewo.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kumene timalima mbatata ya kachewere. Chimene chinandichotsa kumeneko si njala ayi, koma mutu wa akazi anga, anaBanda. Mayi ameneyu anakhoza Folomu 4 mondichititsa manyazi, ndipo anapeza malo kusukulu ya unamwino, koma fizi panalibe. Ine nthawi imeneyo ndinkalondera golosale ina ku Balaka, malipiro ake ongokwanira sopo ndi mchere. Nditamva kuti akufuna alonda ku Qatar, ndinagulitsa njinga ndi mbuzi za malemu bambo, ndipo ndinapita. Pabwalo la ndege anaBanda anali atabereka mwana wathu Tadala, amene anagona tulo osadziwa kuti bambo ake akuchoka. Ine ndinalira ndili m'ndege, nditayang'ana kuwindo kuti mzungu wokhala pambali panga asaone.

Ntchito anandipatsa ku Al Dafna, panyumba yosanja yagalasi imene ukafuna kuona nsonga yake chipewa chimagwa. Anandiveka suti yakuda ndi tayi, nsapato zonyezimira, kawayilesi kam'manja. Ntchito yake inali kuimirira, kumwetulira, kuona makadi a anthu olowa, ndi kuimirirabe. Miyendo inkatupa mwezi woyamba, kenako inazolowera. Chodabwitsa n'chakuti ndinapita kuchipululu koma matenda anga oyamba anali chimfine, chifukwa mkatimo munkazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni, ukatuluka panja mpweya n'kukumenya kumaso ngati watsegula uvuni wa buledi.

Koma musamve ngati ndikudandaula. Ine Doha ndinamukonda. Malipiro ankabwera pa nthawi yake, magetsi sankazima, ndipo ndinapeza abale amene mayi anga sanabereke. Tinali osakanikirana: Amalawi, a ku Kenya, a ku Uganda, a ku Nepal. Wina akadwala tinkasonkha, wina akaferedwa kwawo tinkakhala naye pabedi pake mpaka mtima utakhala pansi. Munthu akabwera kutchuthi ankanyamula za kwawo, ndipo sindidzaiwala tsiku limene a Gondwe anabweretsa tsabola wa kambuzi. Mnzathu wina wa ku Nepal, amene ankadzitama kuti kwawo tsabola amadya ngati ndiwo zamasamba, anatafuna mmodzi wathunthu, n'kuyamba kuitana amayi ake m'chilankhulo chawo. Tinaseka mpaka a chipinda choyandikana nacho anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro kapena ukwati.

Chakudya changa chinali chosavuta. Kuli buledi wawo wophwatalala amene timamutcha kubusi, wotchipa kwambiri. Mmawa kubusi ndi tiyi, masana kubusi ndi mphodza, madzulo zomwezo. Nyama ndinkaiona Lachisanu, limene ndilo tsiku lopuma kumeneko, tikasonkha n'kugula nkhuku yozizira. Zotsala zonse zinkapita ku Malawi: fizi, lendi, mabuku, mkaka wa mwana. Sindinkaona ngati kuvutika. Ndikalandira chithunzi cha anaBanda atavala yunifolomu yoyera, kubusi uja ankakoma ngati chapati chamafuta.

Nanenso zithunzi ndinkatumiza, ndipo pamenepa ndi pamene panayambira nkhani. Ndinkajambulitsa nditaima pakhomo la nyumba yagalasi ija, suti ili pya, kumbuyo kwanga kuli magalimoto a eni ndalama. Kumudzi anayamba kunditcha bwana wa ku Doha. Ine sindinanamepo kanthu, sutiyo ndi imene inkanama, ndipo sindinaitsutse.

AnaBanda anamaliza sukulu, nagwira ntchito pachipatala china kwathu konko. Patapita zaka anapeza mwayi wopita ku Canada, poyamba kukasamalira okalamba uku akukonza mapepala a unamwino wa kumeneko, ndipo Tadala anapita naye limodzi. Tsiku limene anandiuza ndinagulira chipinda chonse tiyi wa karaki, tiyi wawo wamkaka wotsekemera uja. Ndinasangalala ndi mtima wonse. Koma mayi ameneyu alibe chinsinsi, moti malipiro ake oyamba ananditumizira chithunzi cha pepala lonse. Ndinasintha nambalayo kuti ikhale ndalama za ku Qatar, ndinabwerezanso kuopa kuti mwina ndalakwitsa. Zimene ine ndinkaimirira mwezi wathunthu, iye ankazipeza mweziwo usanafike pakati.

Pamenepo lamulo la a Gondwe linasanduka chishango changa. Poyamba ndinkabisa kuopa kudyeredwa, tsopano ndinkabisa kuopa kuchepa. Mtima unkandiuza kuti tsiku limene mayi ameneyu adzadziwe kuti bwana wa ku Doha ndi wa kubusi, adzandiyang'ana ndi maso ena. Ndinali nditaonapo mabanja akutha mkazi akakwera, ndipo m'kampu mwathu nkhani zotere sizinkasowa.

Ndiye tsiku lina ndikutsika basi, uthenga wa mawu unalowa.

"Bambo a Tadala, mwaswera bwanji? Kunotu yakwana nthawi ya msonkho, aliyense akulemba ma form. Mukudziwa kuti boma la kuno limatipatsa kandalama ka mwana mwezi ndi mwezi, komanso limabweza pang'ono pa msonkho umene andidula. Koma amayamba aona kuti banja lonse limapeza zingati. Ndiye pali malo a mwamuna, ngakhale ali kunja. Munditumizire zimene munalandira chaka chathachi, zonse pamodzi ndi overtime."

Ndinaumvera katatu uthengawo. Kandalama ka mwanako ndinkakadziwa bwino, chifukwa ndi kamene kankalipira mayi wina wosunga Tadala akaweruka kusukulu amayi ake ali kuntchito. Ndinayankha kuti ndamva, ndifunsa kwa abwana. Patapita masiku ndinati abwana ali kutchuthi. Kenako ndinati makina a kuofesi awonongeka. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma ine ndinkaganiza kuti mwina nthawi ya msonkhoyo idutsa yokha ngati mvula.

Lachisanu lotsatira tinapita ku Corniche ndi a Gondwe, monga tinkachitira nyengo ikakhala yozizirirako. Ndi msewu wa oyenda pansi wotsata nyanja, kumene munthu wopanda ndalama amatha kuyenda ngati mwini mzinda. Tinakhala pakhoma la m'mphepete, makapu a karaki ali m'manja, ndipo ndinawafotokozera zonse.

"Aaa, imeneyo ndiye nkhani?" anatero a Gondwe. "Mafi mushkila, palibe vuto. Kuno ku Qatar unalipirapo tax iwe?"

"Ayi."

"Pa contract pako analemba chiyani? Tax free. Ndiye ndalama imene eni dziko sakuifuna, mzungu wa ku Canada akuifunira chiyani? Uwauze alembe zero. Boma limenelo lili ndi maso ofika kukampu kwathu ku Industrial Area?"

"Koma akuti akufuna nambala yeniyeni."

"Mphwanga, tamvera. Ukatchula nambala, iwo aphatikiza ndi ya madam, aona kuti banjali lili bwino, adula ya mwana. Ndiye kuti mwana wako wamulanda ndi pakamwa pako. Zero, yalla, tiyeni, nkhani yatha."

Mawu amenewo anandikomera kwambiri, chifukwa anandipatsa chifukwa chooneka bwino chochitira zimene ndinkafuna kale. Si ine wamantha ayi, ndine bambo woteteza mwana. Pomwepo ndinalemba kuti mayi a Tadala, lembani ziro, kuno kulibe msonkho. Yankho silinachedwe.

"Sanafunse msonkho umene munalipira. Afunsa ndalama zimene munalandira. Ine sindisaina bodza, bambo a Tadala."

Ndinawaonetsa a Gondwe. Anapukusa mutu n'kunena kuti vuto lophunzitsa mkazi ndi limeneli, ndipo anaitanitsa karaki wina.

M'nyumba imene ndinkalondera munali Mmalawi mmodzi wa m'maofesi a pamwamba, mayi Kachingwe, owerengera ndalama pakampani ina ya zomangamanga. Tinadziwana chifukwa tsiku lina anawerenga dzina pabaji yanga, n'kundifunsa m'Chichewa kuti achimwene, kwanu n'kuti. Ndinatsala pang'ono kugwetsa kawayilesi. Kuyambira pamenepo sankadutsa osandipatsa moni, ndipo ankafunsa za Tadala potchula dzina. Anzanga a ku Kenya ankachita nsanje kuti ine ndili ndi mlongo wokwera chikepe.

Ndinawadikirira nthawi ya nkhomaliro, ndinapempha mnzanga kuti andigwirire pakhomo, ndipo ndinawatsatira panja pamthunzi.

"Mayi, ndili ndi kafunso. Pali mnzanga wina, akazi ake ali ku Canada."

"Mnzanuyo mwana wake ndi Tadala?" anafunsa akuvula magalasi.

Ndinaseka mwamanyazi n'kuulula. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu.

"Achimwene, apa mwasakaniza zinthu ziwiri," anatero. "Kudulidwa msonkho ndi kwina, kulembedwa ndi kwina. Ife m'mwambamu tili ndi ma engineer ochokera mayiko osiyanasiyana. Mayiko ena anasainirana pangano kuti munthu asadulidwe kawiri, moti ndalama zina pangano limati izi musakhudze. Koma ngakhale zimenezo munthu amazilemba ndithu pa form, kenako n'kusonyeza kuti izi n'zotetezedwa. Sabisa ayi. Inuyo ndalama zanu palibe amene azidule, simukhala kumeneko. Akungofuna kudziwa kuti m'nyumbamo mumalowa zingati, kuti aone thandizo loyenera mwanayo."

"Ndiye adula ya mwana?"

"Mwina adula pang'ono. Zimenezo madam akafunse kwa odziwa za msonkho konko, ine malamulo a kumeneko sindiwadziwa onse. Koma taganizani. Kuchipatala cha mishoni akamathandiza osauka, amafunsa kuti kunyumba muli ndi chiyani. Mungabise ng'ombe chifukwa choti simunaigule pamsika? Ng'ombe ndi ng'ombe. Ndipo akadzazindikira, amene adzabweze zonse ndi amene anasaina, akazi anu. Komanso tsiku lina mudzafuna kuwatsatira. Adzakufunsani kuti munali kuti zaka zonsezi, mudzaonetsa contract ya kuno, iwo adzatsegula mabuku awo n'kupeza zero. Mudzati chiyani?"

Anavalanso magalasi awo, nayamba kubwerera mkati, koma anatembenuka.

"Komatu ine ndikuona ngati vuto lanu si boma la Canada. Akazi anu amadziwa zimene mumalandira?"

Ndinayang'ana nsapato zanga zonyezimira zija. Iwo anangoti, "Imbani foni, achimwene," n'kulowa.

Ndinaimba Lachisanu chakumasana, ndili ndekha ku Corniche, chifukwa nkhani ngati imeneyi siyankhulika m'chipinda muli makutu a amuna anzako. Kwa anaBanda ku Canada kunali kum'mawa. Ndinkamva Tadala akukangana ndi amayi ake za jekete, ndi sipuni ikugunda kapu. Ndinayamba ndi za nyengo, ndinafunsa za sukulu, ndinafunsanso za nyengo.

"Bambo a Tadala, ndikupita kuntchito. Muli ndi nambala kapena mulibe?"

Ndinaitchula. Inu sindikuuzani, lamulo la m'chipinda ndimalisungabe kwa anthu apadera.

Sipuni ija inasiya kulira.

"Imeneyo ndi ya miyezi ingati?"

"Chaka chonse."

"Pamodzi ndi overtime?"

"Pamodzi."

"Ndiye kuti panopa anakukwezerani kale. Nanga nthawi imene ndinali kusukulu?"

"Inali yocheperapo."

Ndinkaona mabwato amatabwa akuyandama, ana a eni dziko akuthamangitsana panjinga. Ndinkadikira kuseka, kapena mawu aulemu ozizira aja amene munthu amalankhula akakuchotsa pamtima. Mayi ameneyu masamu ndi ake, ndipo fizi ya chaka chilichonse ankaikumbukira pamtima. Ndinadziwa kuti akuchotsera.

"Nanga inu munkadya chiyani?" anafunsa, mawu atasintha.

Ndinayesa kuseka. Ndinati kuno kuli kubusi, buledi wabwino kwambiri, wopatsa mphamvu, Aarabu onse anakulira yemweyo. Iye sanaseke.

"Ine ndinkakukalipirani mukachedwa kutumiza. Ndinkati bwana wa ku Doha waiwala banja. Tsiku lina ndinakuuzani kuti anzanga onse ali ndi laptop, inu munatumiza mwezi womwewo. Munaitenga kuti? Munandidyetsa njala yanu osandiuza, bambo a Tadala. Mukuganiza kuti zimenezo n'zabwino? Ine ndine mkazi wanu kapena mwana wanu?"

Ndinati pepani, ngakhale sindinkadziwa bwinobwino chimene ndikupepesera. Anati wachedwa kuntchito, ndipo foni inaduka. Ndinakhala pakhoma paja mpaka karaki anazizira.

Patapita masiku ananditumizira mawu amodzi okha, akuti ndalemba. Miyezi ingapo pambuyo pake anandiuza kuti kalata yabwera, ndipo kandalama ka mwana akachepetsa. Sanadule zambiri. Ndikuganiza kuti ataona malipiro angawo, ngakhale boma la Canada linachita manyazi. Komabe kanali kandalama, moti anaBanda anayamba kugwira Loweruka limodzi pamwezi kuti mayi wosunga mwana uja alipidwe. A Gondwe atamva anati, "Ndinakuuza, habibi, m'bale wanga. Mawu a akulu akoma akagonera." Anandilipiritsa nkhuku ya Lachisanu chifukwa chophwanya lamulo, ndipo amene anadya chiganga ndi iwo omwe.

Chinasintha n'chakuti foni iliyonse inkayamba ndi funso lakuti mwadya chiyani lero, ndipo mawu okha sankakwana, anaBanda ankafuna kuona mbale. Anandiletsa kutumiza ndalama kwa miyezi ingapo, nati ndigule mazira ndi zipatso. Ndinanenepa mpaka suti inayamba kundithina. Anzanga ankati ndili ndi mwayi, ndipo ndinali nawodi. Koma mumtima munatsala kachinthu. Namwino amadyetsa wodwala aliyense, ndiyo ntchito yake. Chifundo ndi ulemu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pafoni sindinkatha kusiyanitsa kuti ndikulandira chiti.

Tchuthi chathu chinakumana nyengo ya mango, ndipo tonse tinapita ku Ntcheu. Kumudzi kunali kutasintha. Mng'ono wanga amene ndinamusiya akuweta mbuzi anali ndi ana awiri ndi ndevu. Apongozi anga anali atachepa thupi, akuyenda ndi ndodo. Tadala anali msinkhu wofika paphewa panga, Chichewa chake chikutulukira m'mphuno, ndipo tsiku loyamba ankandipatsa moni ngati mphunzitsi wamkulu. Tsiku lachitatu ndi pamene anayamba kundikoka dzanja kuti ndikamuthyolere mango. AnaBanda nawo anali atasintha. Ankayenda mofulumira, ankayang'ana munthu m'maso polankhula, ndipo akafuna kukana ankakana osazungulira. Ine ndinkamuyang'ana mobera ngati mmene ndinkachitira tisanakwatirane.

Tsiku lina masana tinali kwa apongozi. Iwo anakhala pamkeka pakhonde, anaBanda ali pambali pawo akuluka tsitsi la Tadala, ine ndili pampando chapatali pansi pa mtengo monga ayenera kukhalira mkamwini. Kenako anafika alamu anga a Laisoni, achimwene awo a anaBanda, munthu amene chiyambire mlongo wake kupita kunja anasiya kudandaula za mvula n'kuyamba kudandaula za mtengo wa dola. Nkhani ya kudulidwa kwa ndalama ija inali itawapeza, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Anapereka moni, anakhala pa njerwa, ndipo sanachedwe.

"Mlongo, ndamva kuti azungu anakudulira ndalama ya mwana chifukwa cha alamuwa. Zoona?"

"Zoona, achimwene."

"Koma iwe sukulu inakupindulira chiyani? Anzako kunjako amalemba kuti mwamuna sagwira ntchito, ena amalemba kuti alibe mwamuna n'komwe. Za ku Doha akanaziona ndani? Ndalama imeneyo bwenzi chaka chino tikugulira feteleza. Alamu, pepanitu, sindikunyozani, koma papepala pokha mukanangokhala ziro, chikanavuta n'chiyani?"

Apongozi anayang'ana kumbali. Pamaso pa apongozi mkamwini sakangana ndi mwini mbumba, choncho ndinangoyembekeza kumva chimene mkazi wanga anganene za ine pakati pa abale ake.

AnaBanda sanasiye kuluka. Anamaliza mzere umene anali nawo, anamanga kumapeto, kenako anadzutsa mutu.

"Achimwene, satifiketi imene ndikudyera kunjako, imene inunso mukudyako, inagulidwa ndi ndalama zomwe mukuti ndilembe zirozo. Munthu uyu anaimirira zaka zonsezi kuti ine ndikhale pansi m'kalasi. Anadula, eya, ndipo chaka chamawa adulenso, ine ndigwira Loweruka. Koma m'mabuku mwawo muzilembedwa kuti Tadala ali ndi bambo, ndipo bambo akewo amagwira ntchito."

A Laisoni anatsokomola n'kufunsa ngati kuli madzi akumwa. Ine ndinaweramitsa mutu monga mwa mwambo, ndipo mwambowo unandithandiza, chifukwa misozi inali itafika kale pamphuno. Zaka zonse zimene ndinavala suti ku Al Dafna, sindinamvepo kuti ndine munthu wamkulu ngati tsiku limenelo, nditakhala pakampando kothyoka mwendo, nditavala patapata.